A Mbewe, mkamwini wawo ndi chinsomba cha m'chisanu

Sabata yatha takwanitsa chaka chimwalirireni bambo anga, a Mbewe, ndipo aliyense amene anabwera kunyumba kwathu ku Braunstone, kuno ku Mangalande, kudzapemphera nafe anayamba waima kaye pa chithunzi chomwe chija. Chili pabalaza, pamwamba pa wailesi ya kanema. Bambo agwada m'matope, chipewa chaubweya chaphimba makutu, akumbatira chinsomba chachikulu ngati khanda lonenepa. Pambali pawo pagwada amuna anga, a Tembo, dzanja lina lagwira kumchira kwa nsombayo, lina lazungulira phewa la apongozi awo. Onse awiri mano ali pamtunda. Amayi a kutchalitchi akachiona amagwira pachifuwa. "Koma ndiye ankakondana, ngati bambo ndi mwana wake weniweni!" Ine ndimangoti ee, n'kupita kukhitchini kukathira madzi m'ketulo yodzaza kale. Mwana weniweniyo ndine, ndipo m'chithunzimo mulibe, chifukwa wojambula ndinali ine.

Ndinene mosapsatira mawu. Ndili ndi nsanje. Ndimachitira nsanje amuna anga, ndipo ndimachitiranso nsanje nsomba, ine mayi wamkulu amene mwana wake ali ku yunivesite. Amene akufuna kuseka aseke, koma ayambe wamva kuti a Mbewe anali munthu wotani.

Bambo sanali munthu wa kumadzi. Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo nsomba imene ankaidziwa ndi yobwera m'dengu itauma gwa. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, ndipo uhedi sunawachoke mpaka tsiku lomaliza. Atatsatira amayi kuno, omwe anabwera kudzagwira unamwino, anapeza ntchito ya ulonda pa geti la nyumba yosungira katundu. Sanadandaulepo pamaso pathu. Ankati ntchito ndi yomwe ija, kungoti ana ake tsopano ndi malole, ndipo malole nawo amachedwa n'kunama chimodzimodzi. Ngakhale potulutsa bini ya zinyalala ankamanga tayi. Chisanu cha ku Mangalande ankachinyoza kuti chilibe mano, ati wofuna kudziwa kuzizira akaime pa Dedza mu Juni m'mamawa atavala kabudula wa sukulu. Mawu amene ankadana nawo koposa ndi akuti sizingatheke. Munthu akawayankhula, bambo ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati mwana amene waiwala kope kunyumba.

Ndili wamng'ono ndinali mchira wawo. Dzina langa ndi Tiyamike, koma iwo ankangoti Tiya. Ankandikweza pa chitsulo cha kutsogolo kwa njinga, chibwano chawo chikugunda pamutu panga tikamatsetsereka kuchokera kusukulu. Nditatha msinkhu, azakhali anandikhazika pansi n'kundilangiza zimene mtsikana aliyense kwathu amalangizidwa: kuchipinda kwa bambo ako usalowenso, pamphasa imodzi usakhale nawo, usawakhudze. Ine ndinayesa ndi mawu chabe. Bambo ndi amene anawasunga ngati lamulo la m'Baibulo. Sabata yomweyo Tiya anatha. Ndinasanduka Nambewe, wotchulidwa kuti inu, ndipo nditabereka Dalitso ndinakhala amake Dali. Mwambowo anawoloka nawo nyanja osatayako ngakhale pang'ono. Tsiku limene ndinafika kuno, anzanga pabwalo la ndege ankakumbatirana ndi abambo awo mpaka kulira. Ine ndinapatsidwa nsonga za zala, ndi funso loti ulendo unali bwanji.

Chimene chinanditsalira ndi madzi. Chakudya chikapsa ndinkagwada ndi jagi ndi beseni, iwo n'kutambasula manja, ine n'kuthira. Sinki ili pomwepo, madzi otentha ali pampopi, Dalitso ankatiyang'ana ngati tikuchita sewero, koma ine sindinalole kuti wina agwire jagi imeneyo. Apo pokha ndi pamene ndinkawayandikira mpaka kuona mitsempha ya pamanja pawo. Ndinkathira pang'onopang'ono mwadala, ndipo iwo sanandifulumizepo.

Bambo sanawalandire bwino a Tembo poyamba. Munthu wa ku Chipata, woyendetsa chigalimoto chonyamulira katundu m'nyumba yosungiramo, wongoti manje manje pachilichonse, bambo anamuyeza kuchokera kunsapato mpaka kumutu n'kupeza kuti walephera mayeso. Anauza amayi, ine ndikumva kuseri kwa chitseko, kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye uyu wa kutsidya kwa malire akaterereka tikamufunira kuti? Ukwati unachitika chifukwa amayi anaumirira, ndipo ine ndinatengera makani a bambo omwewo. Amayi atamwalira, bambo anasamukira kwathu. Anafika ndi masutikesi awiri, naima pakhomo, nanena kuti dziko lazondoka, mkamwini tsopano ndi iwo.

Mukanaona mmene ankapewanirana m'nyumba yopapatiza imene ija. A Tembo anasiya mpando wawo wa pabalaza n'kumadyera kukhitchini. Asanalowe m'chipinda ankayamba atsokomola. Akakumanizana pa masitepe, wina ankaima pamwamba wina pansi, aliyense akuti yambani ndinu, mpaka ine ndi dengu la zochapa ndidutse pakati pawo ndikung'ung'udza. Ndinkapemphera kuti anthu awiriwa azolowerane. Ndaphunzira kuti popempha Mulungu ndi bwino kutchulanso muyeso.

Chisanu choyamba opanda amayi chinawagwetsa bambo. Munthu wa tayi uja anayamba kutandala mu jekete la m'nyumba, makatani otseka, mpando wokokera ku hita. Adokotala anati azituluka, iwo anati akaone chiyani, mdima ukugwa anthu asanaweruke n'komwe. Pa Khirisimasi ndinawakakamiza amuna onse awiri kudya pa tebulo limodzi, ndipo a Tembo, pofuna kuphwanya chete, anayamba nkhani ya kuntchito.

"Kuli muzungu wina amawedza nsomba zija akuti carp, zikulu monga mwana. Manje akamba ati mu winta sizigwidwa. Zigona chabe pansi pa madzi, sizidya. Ati sizingatheke."

Bambo anaika foloko pansi. "Mwati sizidya, a Tembo?"

"Ni mwamene akambila, atate."

"Chamoyo chimadya. Chimangosankha." Anatiyang'ana tonse pamwamba pa magalasi, koyamba chiikireni amayi. "Nyumba ino igwira imodzi chisanu chisanathe, mawotchi asanasinthidwe mu Malichi. Amene akuti sizingatheke anene pompano."

Ndinasangalala mpaka ndinakalirira kubafa. Ndine amene ndinayendayenda m'masitolo kugula ndodo zowedzera, mbedza, ukonde, tenti, mipando iwiri, fulasiki ndi zovala za mkati zotenthetsa. Ndine amene ndinawatengera laisensi, n'kupeza dziwe lina kufupi ndi Loughborough, pomwe kale ankakumba miyala. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kuntchito. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale tsikulo: ine ndi bambo anga, madzi patsogolo, palibe kothawira. Loweruka m'mawa ndinatsika nditavala kale mabuti. Bambo anali ataima pafupi ndi katundu, akuyang'ana thumba la tenti.

"Mu tentimu mumalowa anthu angati?"

"Awiri, bambo."

"Ndiye inu ndi ine, tsiku lonse, maondo akugundana? Amake Dali, mwaiwala kwanu?" Anatembenukira ku masitepe. "A Tembo! Valani nsapato."

A Tembo anatsika akumanga lamba, tulo tili m'maso, akundiyang'ana ngati munthu amene waitanidwa kupolisi. Mwambo woletsa mwana wamkazi kukhala pafupi ndi bambo ake unagwira ntchito m'mawa umenewo. Wa mkamwini ndi apongozi, womwe unkatitsekera masitepe, unangosungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo palibe amene anandifotokozera chifukwa chake.

Ndinameza mkwiyo n'kuwalongedzera zimene mayi aliyense wanzeru amalongedzera anthu opita kokawedza: beseni lalikulu, mpeni wakuthwa ndi paketi ya mchere. Palibe mwa ife amene ankadziwa kuti kuno nsomba imeneyi sadya. Amaiwedza, kuiyeza pa sikelo, kuijambula, n'kuibwezera m'madzi. Woyang'anira dziwelo ataona mpeni ndi mchere akuti nkhope inafiira, natsala pang'ono kuwathamangitsa. Madzulo ndinamva galimoto ikuima panja, koma zitseko sizinatseguke. Nditasuzumira pawindo ndinaona amuna awiri aja akuseka, bambo atavula magalasi akupukuta misozi, a Tembo akumenya chiwongolero. Chiikireni amayi ndinali ndisanamve kuseka kumeneko. Atalowa m'nyumba nkhope zinali zowongoka, ndipo bambo anangondipatsa beseni langa n'kunena kuti silifunikanso.

Masabata oyamba bambo ankalalata. Ankati kuwedza nsomba n'kuibweza ndi kusewera ndi chakudya, ndipo anthu ochita zimenezi sanagonepo ndi njala. Atamva kuti nyambo yake ndi chimanga, chomwe umamwaza m'madzi ndi manja ako, anati akumudzi asadzamve. Koma munthu yemweyo ndi amene anayamba kukwera basi kupita ku Spinney Hill kukasankha chimanga chouma m'timagolosale ta kumeneko, n'kudzachiviika ndi kuchiwiritsa ndi adyo mu poto wanga wabwino, wa alendo. Tinakangana pa poto ameneyo kangapo. Ine ndinkati nyumba ikununkha, iwo ankati nsomba ya m'chisanu ndi mlendo wolemekezeka, sungaiphikire mu chigubu. Pomafika Febuluwale anali atasanduka mlaliki. Amayi a kutchalitchi akawaseka kuti nanga ndiwozo zili kuti, ankawayankha kuti si chilichonse chimene wagwira ndi chako, zina umangobwerekedwa kuti uzione.

Mawotchi anasinthidwa asanagwire kanthu. Kutayamba kutentha, a Tembo anabwera ndi uthenga woti tsopano nsomba zikudya ngati nkhuku, ngakhale ana akugwira. Bambo anakana kupitako. Ankati mayeso ophweka sapatsa satifiketi, anawinda ya m'chisanu ndipo adzagwira ya m'chisanu. Anapukuta ndodo zawo n'kudikira kuti masamba ayoyoke, monga ena amadikirira mvula yodzalira. Chisanu chotsatira chinapitanso chimanjamanja. Ankabwera milomo itachita buluu, zala zosapindika, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinkaona zina. Ndinkaona kuti pa masitepe akudutsana phewa ndi phewa. Ndinkapeza masokosi a a Tembo m'zochapa za bambo. Tsiku lina ndinalowa pabalaza n'kupeza a Tembo atagwira manja a apongozi awo pakati pa awo, akuwatikita kuti magazi ayende, ndipo palibe amene anadzidzimuka. Pa tebulo anali ndi chinenero chawochawo. "Uja waonekanso lero pafupi ndi mtengo," wina ankatero, mnzake n'kugwedeza mutu. Ndikafunsa kuti uja ndani, a Tembo ankayang'ana m'mbale. "Ni nsomba chabe, amake Dali." Loweruka lililonse ndinkatsala ndi nyumba yonunkha adyo, amuna anga atapita ndi bambo anga, bambo anga atapita ndi amuna anga, osadziwa kuti pa awiriwa ndikwiyire uti.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Tsiku ndi tsiku ndimasambitsa abambo a eni, kuwameta ndevu, kuwadzoza mafuta kumsana, ena amandigwira dzanja n'kunditchula mayina a ana awo. Bambo atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, mtima nawo utatopa, ndinafika ndi chikwama changa: thaulo, sopo, lumo. Ndinati pano pokha mwambo ugonja, imeneyi ndi ntchito yanga. Anandiyang'ana, mpweya ukuvuta, nakweza chala monga ankachitira m'kalasi.

"Itanani a Tembo."

Ndinaima kuseri kwa katani ndikumva madzi akudontha m'beseni. A Tembo sadziwa ngakhale kufinya thaulo. Ndinkalangiza ndili panja, kuti kuseri kwa makutu, kuti muwatembenuzire kumanzere, musawakoke mkono, ndipo mkatimo ndinkamva akunong'onezana n'kuseka motsitsa. M'mawa umene anatisiya, a Tembo anali kumutu atawagwira dzanja. Ine ndinali kumiyendo, ndipo ndinagwira phazi lawo pamwamba pa bulangete, poti sakanathanso kundiletsa. Mawu omaliza amene anandiuza ndi akuti amake Dali pitani mukapume. Mpaka mapeto ndinkadikira kuti mwina anditchula dzina lija kamodzi kokha, chifukwa ndinkadziwa kuti sanaliiwale. Mmene ndinadziwira ndiyo nkhani ya chithunzi chija.

Munali mu Januwale, chisanu chawo chomaliza. Galimoto ya a Tembo inalephera mayeso a pachaka oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo yanga inshuwalansi ndi ya ine ndekha. Anayesa kukamba zowonjezerapo dzina lawo, ine ndinati makutu anga sakumva. Ngati akufuna kupita kudziwe, dalaivala ndine. Tinafika udzu utayera mbuu ndi chisanu, chifunga chitagona pamadzi. Anakankha katundu pa wilibala mpaka pamalo awo, pansi pa mtengo wina wopendekera m'madzi, ndipo anamanga tenti ndi kuponya mbedza osauzana liwu, wina akutambasula dzanja mnzake atamupatsa kale chimene akufuna. Bambo anati ndikhale m'galimoto ndi hita, kapena ndikazungulire m'masitolo ku Loughborough. Ndinatenga ndowa, ndinaivundikira panja pa tenti, n'kukhalapo.

Kuzizira kwa tsiku limenelo kunali ndi mano, kaya a ku Dedza anene chiyani. Mapazi anga anafa, mphuno ikuchucha. Mkati mwa tenti ndinkaona maondo anayi atandandalikana, ndi kapu imodzi ya fulasiki ikuyenda uku ndi uku. Mkamwini ndi apongozi ake kumwera kapu imodzi! Ananditumizira tiyi m'kapu ina, kudzera mwa a Tembo. Bambo sanayankhule kanthu tsiku lonse, ankangoyang'ana kumtengo kuja, milomo ikugwedezeka nthawi zina ngati munthu wopemphera.

Dzuwa litayamba kupendeka, kabelu ka pa ndodo kanalira kamodzi n'kusiya. Kenako kanalira kosalekeza. Nkhalamba imene inkadandaula maondo pa masitepe inadzuka ngati mnyamata, ndipo ndodo inapindika mpaka ndinati ithyoka.

"Musakoke maningi, atate, mulekeni athamange!"

"Ndikudziwa, a Tembo. Ndi uja. Ndikumumva, ndi uja!"

Analimbana nayo nthawi yaitali. Ikathawira kumizu ya mtengo ankaibweza mofatsa, ikabwera pafupi n'kutembenukanso ankaileka ipite. A Tembo anali m'madzi ndi ukonde. Pomaliza chinthu chachikasu chinatembenuka pamwamba pa madzi, ukonde unatseka, ndipo awiriwo anachinyamula n'kuchigoneka pa kamphasa kofewa komwe amayalira nsomba kuti isavulale. Sindinaonepo nsomba yotere. Mimba ngati ya mwana wa nkhumba, mamba akuluakulu apa ndi apo, kumchira kong'ambika pang'ono, kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka.

Lamulo lake ndi lakuti usanaigwire uyambe wanyowetsa manja, chifukwa manja ouma amaisupula khungu. Bambo anavula magolovesi, nagwada, natambasula manja monga ankachitira pabalaza chakudya chikapsa. Sanaitane munthu. Ine ndinali nditatunga kale ndi ndowa yanga. Ndinagwada, ndinathira madzi ozizira aja pang'onopang'ono, ndipo otsala ndinanyowetsera manja anga, popeza nsombayo inali yosanyamulika ndi munthu mmodzi. Bambo anaona manja anga akudontha. Anawayang'ana ndithu, kenako anayang'ana kumbali.

"Amake Dali, foni muli nayo? Tijambuleni. A Tembo, gwirani kumchira."

Ndinapukuta manja pa jekete n'kujambula. Chithunzi chomwe anthu amachiyamikira chija chinatuluka bwino ngakhale ndinachijambula nditaluma mano.

Atatha kuiyeza anaibwezera m'madzi. Nsomba yotopa sumangoiponya, umaigwirira m'madzimo mpaka ipeze mphamvu. Bambo anagwada m'mphepete, mikono m'madzi mpaka m'zigongono, dzanja lina pansi pa mimba yake, lina likuisisita pamsana. Ndikhulupirira kuti anaiwala kuti ndili kumbuyo kwawo. Anayamba kuyankhula nayo motsitsa, ndi mawu amene ndinawamva komaliza ndili pa chitsulo cha njinga.

"Wandivutitsa, iwe mwana wamakani iwe. Puma kaye, usafulumire. Ndakugwira, sugwa ayi. Eya. Pita tsopano, Tiya. Uziyenda bwino."

Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndiyankhe. Nsombayo inapukusa mchira n'kulowa pansi, ndipo bambo anatsala manja ali m'madzi. A Tembo anayamba kupinda ukonde mwachangu, maso osandiyang'ana. Pa ulendo wobwerera bambo anangoti ndikuyendetsa mothamanga.

Madzulo ake ndinagwada ndi jagi monga mwa masiku onse. Ndisanathire ndinafunsa. "Bambo, nsomba ija dzina lake ndani?"

Anayang'ana manja awo. "Nsomba ilibe dzina, amake Dali. Thirani madzi."

A Tembo ndinawapanikiza mawa lake kukhitchini, ndipo sanavute.

"Ni kuchokela winta yoyamba," anatero. "Tinamuona atumpha pafupi na mtengo uja. Atate anati uyu ni Tiya. Abwela pafupi, ayang'ana nyambo, ayenda. Sanamizika."

"Ndiye amayankhula naye?"

"Tsiku lonse. Ine nimakhala chabe zii. Dzulo analeka cifukwa munalipo."

"Amati chiyani?"

"Ah, zambili. Za njinga. Za mwamene munasungila amai pamene anadwala. Tsiku lina anakamba kuti mukathila madzi..." Anakanda m'mutu. "Sinikumbukila bwino. Nimakhala niyang'ana ndodo."

Sindinawayankhulitse sabata yonse, ndipo mpaka lero sadziwa chimene analakwa. Mawu amene ndinawadikira chiyambire utsikana wanga anayankhulidwa onse, Loweruka ndi Loweruka, pamaso pa munthu amene ukamutuma anyezi amabwera ndi tomato. Akanakhala wina akanandisungira ngakhale theka. A Tembo ndi munthu wabwino, anawasamala bambo anga koposa ana ambiri obereka, ndipo zimenezi sizichepetsa nsanje yanga ngakhale pang'ono. Nthawi zina akamatsuka mbale amadzidzimuka n'kuti akumbukako kena, ine n'kusiya chilichonse kuthamangira, koma chimene akumbuka n'chakuti atate ankakonda mbedza yaing'ono.

Thupi tinakaliika ku Dedza pambali pa amayi, choncho kuno tilibe manda oti n'kupitako. Mapemphero a chaka atatha, mawa lake ndinawiritsa chimanga ndi adyo mu poto wa alendo uja, ndinatenga makiyi, osauza munthu. A Tembo chimwalirireni bambo sanapondeko kudziwe, ndodo zili mu shedi. Woyang'anira uja ananditsegulira geti nditamuuza kuti ndine wa nkhalamba ya tayi ija. Anapepesa bwino, kenako anafunsa kuti nanga mwana wawo wamwamuna uja ali bwanji. Ndinamuuza kuti uja ndi mkamwini, mwana ndine, ndipo ndikuganiza kuti ndinakweza mawu kuposa mmene zinafunikira.

Pamalo pawo panalibe munthu. Mtengo uja ukadali chipendekere m'madzi, wopanda tsamba, ndipo pa thunthu lake pali msomali umene bambo ankakolekapo chipewa dzuwa likatuluka, wachita dzimbiri. Pomwe pankakhala tenti udzu sunamerebe bwino, mzere wake ukuoneka, ndipo mkati mwa mzerewo dothi linalowa m'malo momwe munkaponda miyendo ya mipando iwiri, yoyandikana kwambiri. Madzi anali bata, otuwa, ayezi wopyapyala m'mphepete. Ndinamwaza chimanga changa kumizu ya mtengo n'kudikira. Palibe chinatumphuka. Pansi pamenepo pagona chinsomba chomwe chinamva zonse, chomwe bambo anga anachikumbatira n'kuchiuza kuti sichigwa, ndipo chikuyenda ndi dzina langa.

Miyendo itatopa ndinafuna pokhala. Malo onse anali anga, panalibe tenti, panalibe wondifunsa ngati ndaiwala kwathu. Nditayang'ana pansi ndinapeza kuti ndakhala panja pa mzere uja, pomwe panali ndowa.